ZA UMOYO PABANJA: Manja a Dokotala, Ndulu ndi Shuga



Pali dandaulo limene timalimva kawirikawiri anthu akamabwera kuchokera kuchipatala. Amati: "Sanandiunike n'komwe. Angondigwiragwira pamimba, n'kundiyang'ana m'maso, basi n'kulemba mankhwala." Kwa ambiri a ife, kupimidwa kwenikweni ndi kuja kwa makina, munthu atagonekedwa pabedi ndipo chithunzi chatuluka. Ulendo uno tikufuna kuikira kumbuyo manja a madokotala ndi a medikala athu, pakuti pa matenda a ndulu, a chithokomiro ndi a shuga, maso ndi manja ndiwo amayamba kuona. Makina amabwera pambuyo kudzachitira umboni.

Ngakhale kachipangizo kamene dokotala amakoleka m'khosi kanabadwa chifukwa cha manyazi. M'chaka cha 1816, mumzinda wa Paris, dokotala wina dzina lake René Laennec anafunika kumvetsera mtima wa mayi wachitsikana. Masiku amenewo dokotala ankachita kugunditsa khutu lake pachifuwa cha wodwala. Laennec anaona kuti zimenezi n'zosayenera, choncho anakulunga mapepala ngati chitoliro, mbali ina pachifuwa, mbali ina kukhutu, ndipo anadabwa kumva mtima ukugunda momveka bwino kuposa kale. Tanena nkhaniyi chifukwa cha amayi athu ndi alongo athu amene amapirira ululu miyezi yambiri poopa kugwiridwa pamimba ndi dokotala wamwamuna. Manyaziwo ngabwino, koma asasanduke manda. Pemphani kuti namwino wamkazi kapena mbale wanu akhalepo pamene mukupimidwa. Palibe dokotala wanzeru amene angakane.

Munthu amene anatumbulapo chambo kapena nkhuku sasowa kuuzidwa kuti ndulu n'chiyani. Ndi kathumba kobiriwira kaja komatirira kuchiwindi, kamene kakaphulika ndiwo yonse yawawa. Mwa munthu kali kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Chiwindi chimapanga madzi a ndulu okwana theka la lita kapena kupitirirapo patsiku, ndipo kathumbako kamasunga ochepa, ngati masupuni aakulu atatu, n'kuwakhuthalitsa. Tikadya chakudya chamafuta kamadzifinya, madziwo n'kutsikira m'matumbo kukathandiza kugaya mafutawo.

Vuto limadza pamene m'kathumbamo mwaumbika timiyala. Anthu ambiri amene ali ndi timiyalati sadziwa n'komwe, ndipo amafika kuukalamba osavutika nato. Koma kamwala kamodzi kakatseka pakhomo potulukira, munthu amamva kupweteka kolimba kunsi kwa nthiti za kumanja kapena chapamtima, kumene kumalasa mpaka kumsana ngakhalenso paphewa lamanja. Mseru umabwera, ena amasanza. Ululuwo umatenga theka la ola kapena maola angapo, kenaka n'kuleka wokha ngati palibe chachitika. Nthawi zambiri umadza usiku, munthu atadya zokazinga. Amene ali ndi timiyala angauone ululuwu m'mwezi wa Ramadhan, pamene m'mimba mwakhala mopanda kanthu tsiku lonse kenaka n'kulandira samusa, mandasi ndi nyama yonona nthawi imodzi. Matendawa amakonda amayi kuposa abambo, makamaka amene abereka kangapo, onenepa, ndi amene aonda mofulumira. Ana odwala sickle cell nawonso amakhala ndi timiyala akadali aang'ono, chifukwa magazi awo amasweka msanga.

Ambiri amangoti ndi zilonda za m'mimba, n'kumagula mapiritsi kugolosale zaka ndi zaka. Apa ndi pamene dzanja la dokotala limagwira ntchito. Amakugonekani chagada, n'kuika zala zake kunsi kwa nthiti za kumanja, n'kukuuzani kuti mukokere mpweya m'kati kwambiri. Mukamakoka mpweya, chiwindi chimatsika pamodzi ndi ndulu kukakumana ndi zalazo. Ngati ndulu yatupa, ululu umakudulani mpweya panjira, simumaliza kupuma. Akachita chimodzimodzi kumanzere, simumva kanthu. Chizindikirochi chili ndi dzina la John Murphy, dokotala wa opaleshoni wa ku Chicago amene anamwalira mu 1916, ndipo chikugwirabe ntchito lero popanda magetsi kapena batire. Kwa agogo okalamba kwambiri nthawi zina sichioneka ngakhale ndulu ili yotupa, n'chifukwa chake dokotala wabwino sadalira chizindikiro chimodzi.

Kenaka amakukokerani pafupi ndi zenera n'kuyang'ana choyera cha m'maso. Sikuti akucheza nanu. Pakhungu lakuda chikasu sichioneka msanga, koma m'maso ndi kunsi kwa lilime chimaonekera, makamaka pakuwala kwa dzuwa. Akafunsa ngati mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ngati chimbudzi chayererako, ngati thupi likuyabwa, yankhani mosabisa, pakuti zimenezi zimasonyeza kuti njira ya ndulu yatsekeka. Kuno kwathu chikasu chimadzanso ndi malungo, ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi mankhwala ena kuphatikizapo azitsamba, kotero si chikasu chonse chimene chili cha ndulu. Koma pali zinthu zitatu zimene zikakumana mwa munthu mmodzi musadikire kuti kuche: ululu wa kumanja uja, chikasu, ndi kutentha thupi konjenjemeretsa. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anazilemba pamodzi mu 1877. Zimatanthauza kuti tizilombo talowa m'njira yotsekekayo, ndipo tikafalikira m'magazi munthu angathe kutisiya m'masiku ochepa. Funani galimoto, njinga yamoto kapena boti usiku womwewo.

Palinso chikasu chopanda ululu, chimene chimapusitsa mabanja chifukwa wodwala sakubuula. Mu 1890 Ludwig Courvoisier wa ku Basel anaona kuti munthu wachikasu amene ndulu yake yakula mpaka kumveka m'manja, koma osapweteka, kawirikawiri vuto lake si timiyala ayi. Chimakhala chinthu china chimene chikupanikiza njirayo, monga chotupa cha khansa. Bambo wachikulire amene akuonda, maso achita chikasu, koma akuti sakumva kupweteka, ndiye woyenera kufulumira naye koposa.

Makina ounikira ndulu ndi omwe aja amaunikira amayi oyembekezera, amene Ian Donald ndi anzake a ku Glasgow anaonetsa ntchito yake mu 1958. Ekisire wamba saona timiyala tambiri ta ndulu, choncho musaumirire ekisire. Akakupatsani tsiku la sikani adzakuuzani kuti musadye kwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, kuti kathumbako kadzaze n'kuoneka bwino. Mukadya phala panjira mwataya ndalama ya ulendo. Ngati timiyala tikuvutitsa mobwerezabwereza, mankhwala ake ndi kuchotsa kathumba konseko. Carl Langenbuch anayamba kutero ku Berlin mu 1882, ndipo kuyambira 1985, pamene Erich Mühe anachita opaleshoniyi podzera pa timabowo ting'onoting'ono, ambiri m'maiko ena amachira popanda bala lalikulu. Ena amaopa kuti munthu wopanda ndulu sakhalitsa. Si zoona. Chiwindi chimapitiriza kupanga madziwo ndipo amangotsikira m'matumbo mwachindunji.

Za chithokomiro tinena mwachidule. Dokotala amaima kumbuyo kwanu, zala pakhosi, n'kukupatsani madzi kuti mumeze. Chotupa cha chithokomiro chimakwera pomeza n'kutsikanso. Kusowa kwa ayodini ndiko kwakhala kukutupitsa makosi ambiri, ndipo nsomba za m'nyanja yathu, pokhala za madzi opanda mchere, zilibe ayodini wochuluka ngati za m'nyanja yamchere. Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo muziusunga m'chitini chotseka. Koma ngati munthu akuonda pamene akudya kwambiri, mtima ukuthamanga, thukuta silikutha, maso atong'oka, ndipo pepala loikidwa pamanja otambasula likunjenjemera, ndiye kuti chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyezo. Ameneyo mchere sumuthandiza, ndipo si ziwanda. Akufunika kuyezedwa magazi.

Matenda a shuga ndiwo alowa m'makomo ambiri. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa akuluakulu 100 m'Malawi anali nawo. Zizindikiro zake zinadziwika kalekale: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda, nyerere kuunjikana pamkodzo. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, analemba za matendawa m'buku lake la zamankhwala. Lero tili ndi kamakina kokwana m'thumba la malaya, kamene kamawerenga dontho limodzi la magazi a kuchala. Munthu amene wagona osadya, nambala ikafika 7.0 kapena kupitirira, ndipo zikabwerezeka tsiku lina, ali ndi shuga. Makina ena amawerenga mwa mtundu wina, ndipo pamenepo nambala yake ndi 126. Dziwani mtundu wa makina anu, ndipo onani tsiku lothera ntchito la timapepala take, chifukwa timapepala takale kapena tosungidwa potentha timanama.

Funso limene limavuta mabanja ndi la kusala. Chipembedzo chathu chinapereka kale chilolezo kwa wodwala, ndipo mashehe athu angakufotokozereni za kubweza masiku kapena kudyetsa osauka. Kumbali ya chipatala, bungwe la International Diabetes Federation pamodzi ndi gulu la Diabetes and Ramadan linatulutsa malangizo mu 2016 n'kuwakonzanso mu 2021. Amati wodwala akaonane ndi dokotala masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu mwezi usanaoneke, kuti nthawi ndi muyezo wa mankhwala zisinthidwe. Amene amabaya insulin kangapo patsiku, amene impso zafooka, amayi oyembekezera, ndi amene anakomokapo posachedwa chifukwa cha kutsika kwa shuga, ali pangozi yaikulu. Amene wasala amasule pomwepo nambala ikatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina enawo, ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Amasulenso ikakwera kupitirira 16.6, kapena 300. Kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi kulankhula zosokonekera ndi zizindikiro zakuti shuga watsika. Mupatseni madzi a shuga ngati akutha kumeza, koma wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Kudzibaya chala poyeza sikumasula swaumu, ndipo malangizowa, amene anakonzedwa mogwirizana ndi akatswiri a chipembedzo, akunena zomwezo. Daku musalidumphe, ndipo mulidye mochedwerako.

Chomaliza ndi mapazi. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono, mwakuti msodzi angaponde mbedza kapena munga wa nsomba pagombe osamva kanthu, n'kudzazindikira bala litanunkha. Kuchipatala amayeza ndi kaulusi kolimba ngati ka mbedza, kamene amagunditsa kuphazi inu mutatsinzina. Mukapanda kukamva, mapazi anu ali pangozi. Ife tili ndi mwayi wakuti timatsuka mapazi pochita udhu kangapo patsiku. Wodwala shuga ayang'ane pansi pa phazi ndi pakati pa zala nthawi imeneyo, apukute mpaka paume, ndipo asayende wopanda nsapato pamchenga wotentha wa masana. Ngati maso a agogo sakuona bwino, mdzukulu awayang'anire madzulo aliwonse, ndipo kabala kalikonse kakaonetsedwe kuchipatala m'mawa mwake.