Kodi Munthu Angasiyane ndi Mtanda wa Nsima?

Pa Khirisimasi ya 2024, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Dómuè munafika bambo wa zaka 46, mwana wa m'mudzi momwemo, amene amayendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu ku Johannesburg. Kuchoka pamene anatsikira chapa kukafika pakhomo ndi mtunda woti mwana wotumidwa mchere amathamanga osaima, koma mkuluyu anapumira kawiri panjira, thukuta lili kamukamu. Amayi ake ataona thupilo analuluta. "Ku Joni kwakukondani, bambo," anatero, ndipo mbuzi inagwa tsiku lomwelo.

Madzulo, anthu atasamba m'manja, ndi pamene anaulula chimene anabwerera. Sikelo ya kuchipatala inamupeza ndi makilogalamu 148. Ali ndi matenda a shuga, magazi akuthamanga, mawondo akukana, ndipo usiku amabanika kutulo kotero kuti masana amawodzera pachiwongolero, chinthu choopsa kwa munthu wonyamula matani a katundu pamsewu. Madokotala anamulangiza opaleshoni yochepetsa chifu. Inshuwalansi ya kuntchito inavomera kuthandizako, tsiku linaikidwa, kunangotsala iye kusaina.

Pabwalo panangoti zii. Kumudzi kuno kunenepa ndi umboni wakuti munthu wapeza bwino, ndipo wobwera kuchokera kutali ataonda amayamba kunong'onedwa, poti anthu sanaiwale maliro a kaliwondewonde aja. Tsono kumva kuti munthu akufuna kukadulitsa chifu chabwinobwino kuti aonde, ena anayesa nthabwala za ku Joni.

Si nthabwala. Dokotala wina wa ku Iowa m'dziko la Amereka, Edward Mason, ndiye anayamba mu 1966 kuchita opaleshoni yolambalalitsa chakudya. Amapatula kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, chakudya n'kumadutsa osalowa m'chifu chachikulu chija. Njira ina, imene anamusankhira mkuluyu, ndi yodula chifu m'litali n'kuchotsa pafupifupi magawo anayi mwa asanu. Chotsala chimakhala chowonda ngati nthochi. Masiku ano satumbula mimba yonse ayi, amangoboola timabowo tingapo n'kulowetsa kamera ndi zipangizo zazitali. Koma chimene chachotsedwacho chapita, sichimeranso ngati chitsa cha bulugamu.

Chodabwitsa n'chakuti mpeni sakuuopa. Munthu woti wadutsa usiku pa Beitbridge kosawerengeka, mantha otere anamuthera kale. Chimene chikumusowetsa tulo ndi mbale. Anawawerengera abale ake pepala la kuchipatala: milungu iwiri isanafike opaleshoni adye pang'ono zedi kuti chiwindi chiphwe, dokotala aone bwino pogwira. Ikatha, milungu ina iwiri ya zamadzimadzi zokha, kenaka zophwanyaphwanya ngati za khanda, ndipo pakatha mwezi ndi theka kapena iwiri ndi pamene angayese chakudya cholimba, nacho chosadzaza kapu ya tiyi. Madzi asamwere pachakudya, adikire theka la ola. Zakumwa za thovu azisiye. Mowa umalowa m'magazi msanga kuposa kale. Mavitamini, makamaka B12, ndi mankhwala owonjezera magazi ndi olimbitsa mafupa, azimwa mpaka tsiku lake lomaliza. Zotsekemera zikachuluka ena amachita chizungulire, thukuta, mtima kugunda ndi kutsegula m'mimba, ngakhale zimenezi zimavuta kwambiri amene anachitidwa njira yolambalalitsa ija.

Nanga nsima? Pepalalo linalembedwera odya buledi ndi mpunga, koma zimene limanena pa zakudya zomatirira zikukhudza nsima mosakayika: imadzaza kachifuko msanga n'kutsekereza malo a ndiwo, chonsecho thupi likufuna nyama, mazira, nsomba ndi nyemba poyamba. Ndiye kuti dongosolo la makolo litembenuzike, ndiwo ikhale chakudya, nsima ikhale yongolawa. Munthu wa ku Angónia kumuuza zimenezi kuli ngati kumuuza kuti alime munda kuyambira kukolola.

Kuti mumvetse kukayika kwake, muyenera kudziwa kumene anachokera. Anali ndi zaka 8 mu 1986 pamene nkhondo inathamangitsa mudzi wonse kuwolokera ku Dedza. Anakulira pamzere wolandira ufa ndi nandolo, chilala cha 1992 chinamupeza komweko, ndipo atabwerera mtendere utasainidwa ku Roma anapeza minda ili tchire lokhalokha. Amakumbukira amayi ake akunama kuti adya kale n'cholinga choti ana agawane mtanda wawo. Malipiro ake oyamba ku Joni anagulira nkhuku yathunthu n'kuidya yekha m'galimoto, misozi ikutsika. Kuyambira pamenepo chakudya chakhala chomuuza kuti nkhondo inathadi. Panjira zazitali, kutali ndi mkazi ndi ana, mnzake ndi chipisi, nyama yowotcha ndi botolo la Coca-Cola. Munthu wotere sangamuseke kuti ndi wadyera amene anadyako gaga.

Amalume ake, amene ndi mwini mbumba, sanazengereze. "Mphwanga, Mulungu anakupatsa chifu chimodzi. Ngati vuto ndi kunenepa, bwera udzagwire khasu dzinja limodzi m'munda wa kachewere, uona." Anthu anaseka, ndipo m'mawu amenewa muli choonadi pang'ono, pakuti olima saonekera ndi mimba zotere. Koma mkuluyu anayesa kale kasanu konse: amatsika makilogalamu khumi, pakatha chaka abwerera ndi chiwongoladzanja. Sikuti ndi kufooka mtima kokha. Thupi likazolowera kulemera limalimbana ndi mwini wake, limachulukitsa njala ndi kuchepetsa mphamvu zimene limawotcha. Mu 1999 akatswiri a ku Japan anapeza kuti chifu chimatulutsa timadzi totchedwa ghrelin timene timauza ubongo kuti njala yafika, ndipo tambiri timachokera mbali yomwe imachotsedwa ija. N'chifukwa chake ambiri akachitidwa opaleshoniyi sakhala akulirira chakudya monga amaopera. Njala yeniyeniyo imachepa, makamaka chaka choyamba, ndipo ena amapeza kuti zonona zimene ankazifera sizikuwakomeranso.

Apa ndi pamene mkuluyu akulakwitsa masamu. Akuyeza moyo wa mawa ndi njala ya lero, ngati munthu wothyola nkhwani za chaka chamawa m'munda wa chaka chino. Komanso shuga amene ali nayeyo sadzamusiyira mbale yake mwamtendere: ndi matenda odziwika kupha impso, kuchititsa khungu ndi kudulitsa miyendo. Ku Sweden anatsatira anthu onenepa kwambiri oposa 4,000 kuyambira 1987, theka ochitidwa opaleshoni, theka ayi, ndipo zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinachepa pakati pa ochitidwawo. Ambiri a shuga amachepetsa mankhwala, ena kusiyiratu kwa zaka. Izi sizikuchotsa zoopsa: posokapo pakhoza kudontha, ena amavutika ndi chilungulira, ena amanenepanso akamatolatola zotsekemera tsiku lonse. Aliponso majekeseni ochepetsa njala monga Ozempic ndi Wegovy, koma ndi odula, ndipo ukasiya thupi limayambanso kubwerera.

Koma pali mbali imene dokotala wa ku Johannesburg sangaione pa sikelo yake, ndipo pamenepa mkuluyu ali ndi mfundo. Kuno chakudya sichidyedwa ndi m'kamwa mokha. Abale amasamba m'beseni limodzi n'kupisa m'mbale imodzi. Wokana nsima pakhomo pa mnzake amafunsidwa ngati pali chifukwa. Pamaliro, pachinkhoswe, pa ukwati, munthu wotsina kawiri n'kusamba m'manja amaoneka wonyada kapena wokayikira ophika. Mkazi wake, amene zaka makumi awiri wakhala akuonetsa chikondi ndi mphika, anafunsa funso limene palibe analiyankha: "Nanga ine ndizikuphikirani chiyani, bambo a ana?" Opaleshoni imatha maola awiri, koma kufotokozera mudzi wonse chifukwa chosiyira chakudya m'mbale ndi ntchito ya ulendo uliwonse wobwera kuno. Zipatala zochita bwino zimayamba zamutumiza munthu kwa katswiri wa zakudya ndi kwa mlangizi wa maganizo asanasaine. Mkuluyu anapitako kamodzi, koma za mzere wa ku Dedza sanazitchule, akuti anachita manyazi. Kumeneko ndiye kofunika kubwererako, chifukwa amene ankathawira kuchakudya akakhumudwa, chikawachokera ena amagwera mumowa.

Amayi ake sanalankhule zambiri masiku onsewo. Anangofunsa kamodzi ngati shuga ameneyu ndi yemwe uja anadulitsa mwendo wa mphunzitsi wa kutsidya, ndipo atauzidwa kuti ndi yemweyo anakhala chete.

Usiku womaliza asananyamuke kudzera ku Tete, mkuluyu anapempha kuti ayeseko. Anamuikira m'kambale ka mwana: nthuli ziwiri za nkhuku, nyemba pang'ono, ndi nsima yosakwana theka la mtanda. Anadya monga pepala linanenera, kutsina pang'ono, kutafuna mpaka kusalala, kudikira. Achimwene ake anamaliza, anasamba m'manja, n'kupita kukaona ng'ombe kukhola. Iye anali asanafike pakati. Amayi ake anasendeza mphasa pafupi, anatenga mbale yawo imene inali itazizira kale, nayamba kudya naye pang'onopang'ono. Pepala lija anabwerera nalo ku Joni lili m'thumba la jekete, losasaina.