Kandimverere Anakanena za M'maluwa



Patchuthi chapitachi mdzukulu wanga wamkazi adabwera kumudzi kuchokera ku Zomba, kumene akuphunzira pa Yunivesite ya Malawi, ija tinkaitcha Chancellor College mpaka chaka cha 2021. Tsiku lina madzulo tili pakhonde ndidamufunsa phunziro limene lamuthandiza koposa m'chaka chake choyamba. Iye adatchula phunziro la luso la kulankhulana ndi kulemba. Ine ndidaseka, ndikumati munthu wofika ku yunivesite angaphunzitsidwenso bwanji kulankhula ngati khanda. Mwanayo sadatsutse. Adangotenga kope lake n'kuyamba kundifotokozera, ndipo pamene nsima inkafika pamphasa kuseka kwanga kudali kutatha.

Adandionetsa chithunzi chochokera ku nzeru za Claude Shannon, katswiri wa masamu wa ku America amene ankagwira ntchito ku Bell Laboratories. Mu 1948 Shannon adalongosola kayendedwe ka uthenga, ndipo mu 1949 iye ndi Warren Weaver adatulutsa buku pa nkhani yomweyo. Pali wotumiza, pali uthenga, pali njira imene uthengawo udzera, pali wolandira, ndiponso pali phokoso losokoneza panjira. Shannon ankaganizira za mawaya a telefoni, koma aphunzitsi a pambuyo pake adaona kuti anthunso amatero, ndipo adaonjezapo chinthu china chachikulu: wolandira ayenera kubweza mawu kuti wotumiza adziwe ngati wamveka.

Pamenepo ndidakumbukira malonje. Kale mlendo akafika pamudzi ankayamba wakhala pansi ndi kulandira moni. Kenaka ankafotokoza kumene wachokera, mmene wasiyira anthu kwawo ndi chimene wadzera. Wolandira malonjewo ankawabwereza kwa akuluakulu, mwini wake akumvetsera, kotero kuti mawu akapotoka ankawongoledwa nthawi yomweyo. Kubweza mawu kumene akuphunzitsa ku Zomba n'komweku. Phokoso nalo makolo ankalidziwa, n'chifukwa chake adati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wotumidwa amamva theka, mtima uli kwina, ndipo pobwera amadzaza malo otsalawo ndi zake. Nkhani za banja nazo zimadzera mwa ankhoswe chifukwa mkwiyo wa mwamuna ndi mkazi ndi phokoso lotseka makutu, pamene nkhoswe imafikitsa mawu atazizira.

Ndikadalekera pomwepa ndikadakhala ndikudzitama kuti makolo adadziwa zonse, ndipo ndikadanama. Pali zinthu ziwiri zimene phunziroli landidzudzula nazo.

Choyamba ndi kufunsa. Pa zaka zimene ndidali mphunzitsi wamkulu, mwana woimika dzanja n'kunena kuti sadamve ndinkamuona ngati wosamvetsera, ndipo wofunsa chifukwa chake ndinkamuyesa wamwano. Ana adaphunzira kuyankha kuti "inde" onse pamodzi, ine n'kumapita kunyumba wokondwa. Mayeso akafika ndi pamene ndinkazindikira kuti "inde" uja adali wa mantha. Chonsecho mwambi woti safunsa anadya phula ndinkauphunzitsa ndekha m'kalasi la Chichewa. Ndidausunga pabolodi, koma ana ndidawamana mpata woutsata.

Chachiwiri ndi kunena chinthu mosazungulira pamene moyo kapena chuma chili pangozi. Ife timakonda mawu ophimba, ndipo pamalo pake ndi okoma. Munthu akamwalira timati watisiya kapena watsogola. Nthawi zina wachibale wakutali timamuuza kuti matenda akula, pamene maliro achitika kale, kuti ayende ulendo wake mtima usadasweke. Chimenecho ndi chifundo. Koma wodwala akafika kwa dokotala n'kunena kuti ali bwino pang'ono pamene usiku wonse sadagone, ulemu wakewo umuphetsa. Wolemba kalata yofunsira ntchito akadzaza tsamba lonse ndi moni ndi kudzichepetsa, osatchula zimene amatha, kalata yake iikidwa pambali. Mdzukulu wanga adaphunzitsidwa kuika mfundo yaikulu poyamba, kupereka umboni wake, ndi kutchula mwini wake wa ganizo lililonse limene wabwereka. Chomalizachi sichachilendo kwa ife, pakuti potchula mwambi timayamba ndi kuti "akuluakulu adati".

Tsono inu adzukulu, nali chenjezo langa. Kusukulu akuuzani kuti poyesedwa pofuna ntchito muziimirira mowongoka, kuyang'ana wokufunsani m'maso ndi kuyankha mwachindunji. Chitani zimenezo, chifukwa kumeneko kuweramitsa mutu kumaoneka ngati kusadziwa kanthu. Koma mukafika pabwalo la amfumu, pasiwa kapena pamaso pa apongozi, kuyang'anitsitsa m'maso ndi kulankhula muli chiimire kudzaoneka mwano, ndipo mawu anu, ngakhale akhale oona, sadzalowa m'khutu la munthu. Izi sizitsutsana ndi zimene mwaphunzira. Mdzukulu wanga adandiuza yekha kuti lamulo loyamba la phunziro lawo ndi kudziwa amene ukulankhula naye. Wophunzira amene wabwera ndi digiri koma sadziwa nthawi yogwada ndi kuwomba m'manja walephera phunzirolo, ngakhale pepala lake linene kuti adakhoza. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Kwa anzanga okalamba ndikuti, mwana akatifunsa tisathamangire kumutcha wamwano. Mawu a akulu akoma akagonera, koma sangagonere mwa mwana amene sadawamvetse ndipo adaopa kufunsa. Tikamutuma, timupemphe abwereze uthengawo tisadamulole kunyamuka.

Mdzukulu wanga asadabwerere ku Zomba ndidamutuma kwa amalume ake ndi uthenga wa mwambo wa manda. Adagwada, adamvetsera, kenaka adati, "Agogo, ndibwereze kuti muone ngati ndamva bwino." Pobwereza padapezeka kuti tsiku ndidalitchula molakwika ndine. Akadangovomera mwaulemu n'kunyamuka, abale akadasonkhana kumanda tsiku lolakwika, ndipo tonse tikadaloza chala mwanayo.