Ndani Anagulitsa Usiku wa ku Chilenje?

Nyumba yacitatu kucokela pa yathu inali ya ambuya ena amene anali kugulitsa vitumbuwa pa geti. Pabwalo pao panali mtengo wa mango umene ana onse a mu mseu wathu tinakwelapo. Ambuyawo atamwalila, adzukulu anadula mtengo, anathila konkili pabwalo, cipupa anacipaka penti yakuda. Lelo pa geti pamaima mnyamata wa cifuwa cacikulu wosankha anthu olowa. Eni ake amati ni "lounge". Ise timati ni bala.

Sindine m'busa, ndipo sinikana mowa. Mosi yozizila nimaidziwa, amapiano nimavina. Mowa si mlendo mu komboni. Atate athu anali kumwa Chibuku ku tavani, koma tavani inali na malo ake pafupi na msika, ndipo womwamo anali munthu wodziwika. Akayamba kutukwana, m'mawa mwake nkhani inali kufika kwa apongozi ake. Manyazi anali kucita nchito ya kapokola.

Womwa wa lelo acitile ndani manyazi? Ambili si a kuno. Amacokela kumayadi na motoka zao, amaimika pa geti yathu, amakodza pa cipupa cathu. Ikakwana 04:00 amabwelela kwao kumene kuli zii, kumene ngakhale galu akauwa kwambili aneba amatuma meseji. Congo amacisiya kwa ife, tulo amakapeza kwao.

Ola limenelo ndiye limene amai amauka kupita ku Soweto Market kukaoda ndiwo zamasamba. Amanyamuka maso ali gwa, osagona. Mlongo wanga analemba mayeso a Giledi 12 mu 2024, caka cimene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Mseu wonse unali mu mdima, koma pa bala jenereta inali kulila, masipika ali kugwedeza malata. Mwana anali kuwelenga na toci ya pa foni, thonje lili m'makutu. Pepala ya mayeso siifunsa kuti unagona maola angati.

Congo ni ciyambi cabe. Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za kanselo kwa amene anali kukhalamo. Makolo athu anasangalala, ndipo anayenela kusangalala. Koma nyumba ikakhala katundu, imapita kwa wolipila zambili. Banja limalipila lendi kucokela pa malipilo a pamwezi, bala imalipila kucokela pa makileti a usiku uliwonse. Landilodi si wopusa. Mnzake wa pafupi akaona, nayenso amakweza lendi kapena kupeleka notisi. Mphunzitsi amasamuka, nesi amasamuka, telala wa pa kona amatsatila. M'malo mwao mumabwela malo obechela na kashopu ka mowa. Tsiku lina umauka n'kupeza kuti mu mseu umene unabadwila mulibenso wokudziwa dzina, mulibe amene angasonkhe unga pakagwa malilo.

Anzanga amati: "Iwe, ici ni citukuko, anyamata apeza nchito." Zoona, nchito zilipo. Pali DJ, pali wooca micopo, pali atsikana opeleka mowa amene amaimilila mpaka kuca. Mnzanga amene tinali naye kalasi imodzi amalonda motoka za alendo, amapatsidwa ma K5 na ma K10 malinga na mtima wa woledzela. Sininyoza thukuta la munthu. Oimba athu naonso afunika malo oimbila. Koma kodi nchito zimenezi zingathe ngati bala ili pa mseu waukulu kapena pafupi na msika, m'nyumba yomangidwa kuti congo cisatuluke? Cimene citukukoci cifuna si anyamata athu, ni lendi yochipa na aneba amene sadziwa kodandaula.

Ndipo tisanamizane kuti palibe cocita. Mu 2012 boma linaletsa tujilijili. Mu March 2020, cifukwa ca COVID-19, mabala na manaitikilabu onse anatsekedwa, ndipo anayamba kutsegulidwa pang'ono mu September. Sinifuna masiku aja abwelele, anchito a m'mabala anavutika maningi. Koma tinaona na maso athu kuti lamulo likafuna, sipika imazima.

Malamulo alipo kale. Liquor Licensing Act ya 2011 imafuna kuti wogulitsa mowa akhale na laisensi, atsate maola oikika, ndipo asagulitse kwa mwana wosakwana zaka 18. Urban and Regional Planning Act ya 2015 imafuna cilolezo munthu asanasinthe nyumba yogonamo kukhala malo a malonda. Manje funso langa ni ili: mu mseu wathu anafunsa ndani? Amai sanafunsidwe. Ine sininafunsidwe.

Conco anzanga, tileke kudandaulila pa WhatsApp cabe. Foni imene timajambulila mavidiyo ovina ingajambulenso congo ca pakati pa usiku, tsiku na ola zili poonekela. Tilembe kalata, mseu wonse usaine, tiipeleke kwa kansela na ku Ward Development Committee, ndipo tisunge kope. Tifunse maola amene laisensi ilola. Mwala osaponya, cifukwa mwala umasandutsa wodandaula kukhala wolakwa. Akapanda kuyankha tibwelelenso, cifukwa kansela amafuna mavoti athu zaka zisanu zilizonse.

Cina cikhudza ise eni ake. Pa Cisanu tikavala bwino kupita kukavina ku Kabwata kapena ku Matero, nafenso timakhala alendo a congo mu komboni ya ena. Musanauze DJ kuti akweze, suzumilani kuseli kwa cipupa. Mudzaona windo imene muli kuwala pang'ono. Mmenemo muli mwana wa munthu na buku lake.