KASINJA N'CIANI? ZA KAUNDULA WA ZIDA ZA NKHONDO KU ULAYA

Pa 7 November 2023 dziko la Russia linaturuka kotheratu m'pangano lowerenga ndi kucepetsa zida za nkhondo ku Ulaya, ndipo tsiku lomwelo maiko a NATO analengeza kuti naonso ayamba aleka kulitsata. Anthu ambiri sanaisamale mbiriyi, popeza maso onse anali pa nkhondo ya ku Ukraine. Koma cimene cinatayika tsikulo ndi kaundula amene kwa zaka zambiri ankauza dziko liri lonse kucuruka kwa akasinja a mnansi wace, ndi malo amene anali kuwasunga.

Wina angayese kuti kuwerenga akasinja n'kwapafupi monga kuwerenga ng'ombe pa dibi. Si tero ai. Owerengawo ayenera kuyamba apangana kuti kasinja n'ciani, pakuti dzina la cida cimeneci lakhala la cinyengo kuyambira pa ciyambi. Angerezi popanga akasinja ao oyamba m'caka ca 1915 anawacha mathanki a madzi, kuti azondi asazindikire. Pangano la Versailles la 1919 litaletsa Germany kukhala ndi akasinja, dzikolo linawapanga mobisa, ndi kuwalemba m'mabuku kuti ndi mathirakitala, ndi kukawayesa pafupi ndi Kazan ku Soviet Union. Zipatso za nchito yobisikayo anaziona ndi anthu a ku Poland m'caka ca 1939.

N'cifukwa cace maiko 22 a NATO ndi a Warsaw Pact, posaina pangano lao ku Paris pa 19 November 1990, anayamba ndi kumasulira mau. Anati kasinja ndi galimoto yacitsulo yolemera matani 16.5 kapena kuposa isanasenze kanthu, yokhala ndi mzinga wozungulira mbali zonse umene kukamwa kwace kuli mamilimita 75 kapena kuposa. Magalimoto ena acitsulo anawagawa patatu: onyamula asilikari okhala ndi mfuti yosafika mamilimita 20, onyamula asilikari okhala ndi mzinga wa mamilimita 20 kapena kuposa, ndi ena a mzinga waukuru koma osakwana kuchedwa akasinja. Mbali iri yonse inaloledwa akasinja 20,000 ndi magalimoto ena acitsulo 30,000, m'dera loyambira ku nyanja ya Atlantic kulekeza ku mapiri a Ural.

Ngakhale pamenepo ocenjera sanasowe. Pangano lisanasainidwe, Soviet Union inasamutsira zida zikwi zambiri kutsidya kwa mapiri a Ural kumene lamulo silinafikeko, ndiponso magulu atatu akuru a asilikari a pamtunda inawalemba kuti ndi olonda gombe a gulu la nkhondo la pamadzi, limene pangano silinali kuliwerenga. Akasinja anali omwewo, cinasintha ndi mutu wa tsamba limene analembedwapo. Mkangano umenewo unatha mu June 1991, pamene Moscow inabvomera kuti zidazo ziwerengedwe.

Mphamvu ya kaundulayu inagona pa kuyendera. Akuru anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo maikowo sanakhutire ndi mapepala okha. Caka ciri conse ankapatsana mndandanda wa zida ndi malo ace, ndipo akuru a nkhondo a mbali ina ankalowa m'misasa ya anzao kukawerenga ndi maso ao. Pofika 1995 zida zoposa 50,000 zinali zitaphwanyidwa kapena kusandutsidwa zipangizo za nchito zina.

Nanga cinabvuta n'ciani? Warsaw Pact itatha mu 1991, maiko ace ambiri analowa NATO, kotero kuti kugawa zida pa mbali ziwiri kunasanduka kopanda tanthauzo. Pangano linakonzedwanso ku Istanbul mu 1999, koma maiko a NATO anakana kulitsimikiza kufikira asilikari a Russia atacoka ku Georgia ndi ku Moldova. Russia inaleka kulitsata mu 2007, ndipo oyendera sanalowenso m'misasa yace.

Ulipobe kaundula wa United Nations amene anakhazikitsidwa mu 1991, Iraq italanda Kuwait ndi zida zimene inagula kwa ogulitsa ambiri popanda wodziwa kucuruka kwace konse. Iyenso amamasulira kasinja ndi matani 16.5 ndi mamilimita 75 omwe aja. Koma makamaka amalemba zida zogulidwa ndi zogulitsidwa, dziko limapereka malipoti likafuna lokha, ndipo palibe wopita kukaona ngati zolembedwazo n'zoona.

Awerengi athu amene amasunga mabuku m'maofesi a Boma ndi m'masukulu adziwa kuti buku lopanda woliyendera silikhala kunama. Boma losadziwa zida za mnansi wace limayerekeza ciwerengero cacikuru koposa, ndi kugula zace molingana ndi mantha ao, ndipo mnansiyo poona izi amacita cimodzimodzi. Ndalama zotere zimacokera m'thumba lomwe limalipira mphunzitsi ndi kugula mankhwala. Tsiku limene nkhondo ya ku Ukraine idzatha ndi kukambirana, okambiranawo adzayenera kubwerera ku nchito yonyozeka ija ya 1990: kupangana dzina la cida ciri conse, kucilemba, ndi kulola mdani adzaciwerenge yekha.