Tisadikire Maliro Kuti Tikhazikitse Mwambo pa Mipikisano ya Njinga

Loweruka lapitali ndidabisala mvula pakhonde la golosale ina, ndipo pamalopo ndidapeza abambo ndi anyamata asanu ndi mmodzi amene amapalasa njinga ngati masewero. Njinga zawo zidali zotsamiritsidwa kukhoma, eni ake akumwa zoziziritsa kukhosi uku akucheza. Nkhani yawo idayambira pa tchuthi. Wina adati chaka chino atenga ana kukaona nyanja, pamene mnzake adadandaula kuti mayi a kunyumba amuletsa kunyamula njinga pa ulendo wawo chifukwa chaka chatha adabwerako ndi bandeji m'malo mwa nsomba. Onse adafa nalo phwete. Kuchokera pamenepo aliyense adayamba kuonetsa zipsera zake, uyu pachigongono, uyu pabondo, wina paphewa pomwe padathyoka fupa. Wachikulire mwa iwo adamanga nkhaniyo ndi mawu akuti: "Achimwene, munthu amene sadagwepo ndiye kuti sadayambe kupalasa."

Ine ndidaseka nawo, pakuti macheza adali okoma. Koma mvula itakata ndidaona kuti mwa anthu asanu ndi mmodziwo, awiri okha ndiwo adavala zisoti ponyamuka. Ichi chidandikhudza, ndipo n'chifukwa chake lero ndafuna kuti tikambirane za ngozi za pa mipikisano ya njinga, potengera phunziro kwa anzathu a ku Ulaya amene akhala ndi masewero amenewa kwa zaka zoposa zana limodzi, nalipira mtengo wowawa asadaphunzire.

Mpikisano waukulu koposa wa njinga ndi Tour de France, umene udayamba m'chaka cha 1903 pokonzedwa ndi nyuzipepala yotchedwa L'Auto. Masiku ano umatenga masabata atatu, nthawi zambiri m'mwezi wa Julaye, ndipo opalasa amayenda mtunda woposa makilomita 3,000 m'magawo 21. Mpikisanowu udalowa m'moyo wa mabanja makamaka kuyambira 1936, pamene boma la Léon Blum lidakhazikitsa lamulo lopatsa wantchito aliyense masabata awiri a tchuthi cholipidwa. Kuyambira nthawi imeneyo, kwa mabanja ambiri a ku France tchuthi ndi mpikisanowu zakhala zikuyendera limodzi. Bambo, mayi, ana ndi agogo amanyamula mahema ndi kamba, nakamanga misasa m'mbali mwa msewu wa kuphiri, monga pa Alpe d'Huez pomwe msewu umakhota maulendo 21, n'kudikira masiku awiri kapena atatu kuti aone opalasa amene amadutsa m'kanthawi kochepa. Palibe amene amalipira pakhomo, chifukwa bwalo lake ndi msewu wa aliyense.

Ubwino umenewu ndiwonso gwero la vuto. Pa 26 Juni 2021, tsiku loyamba la mpikisano wa chaka chimenecho, pa msewu wochokera ku Brest kupita ku Landerneau, mayi wina adaima m'mphepete mwa msewu atanyamula chikatoni cholembedwa mawu akuti "Allez Opi-Omi", moni wopita kwa agogo ake. Maso ake adali pa kamera ya wailesi ya kanema, msana atalozetsa kumene opalasa ankachokera. Tony Martin wa ku Germany adawomba chikatonicho nagwa, ndipo pambuyo pake padaunjikana opalasa makumimakumi, ena mpaka kusiya mpikisano umene adaukonzekera chaka chathunthu. Mayiyo adakadzipereka kupolisi patapita masiku angapo, ndipo m'mwezi wa Disembala bwalo la milandu la ku Brest lidamulipiritsa chindapusa cha ma euro 1,200. Sadali chigawenga ayi. Adangofuna kukondweretsa agogo ake, koma chifukwa chosayang'ana kumene kukuchokera njinga adavulaza ana a eni ake.

Izi sizidayambe ndi iye. M'chaka cha 1994 ku Armentières, wapolisi amene adaikidwa kuti ateteze msewu adasuntha kuti ajambule chithunzi pamene opalasa ankathamangira kumapeto. Wilfried Nelissen adamuwomba, ndipo Laurent Jalabert adagwera pomwepo navulala koopsa kumaso. M'chaka cha 1999 pa Alpe d'Huez, Giuseppe Guerini adagwetsedwa ndi mnyamata amene adaima pakati pa msewu ndi kamera, ngakhale kuti mwamwayi adadzuka napambana. Pa 14 Julaye 2016 pa phiri la Mont Ventoux, anthu adadzaza msewu mpaka njinga yamoto ya ojambula idaima mwadzidzidzi, opalasa atatu n'kuiwomba, ndipo dziko lonse lidaona Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, akuthamanga wapansi atavala malaya achikasu a mtsogoleri wa mpikisano chifukwa njinga yake idali itawonongeka. M'nkhani zonsezi wolakwa adali munthu amene adabwera kudzasangalala, kapena amene adapatsidwa udindo naiwala chimene adamuikira pamalopo.

Komabe tisaloze chala kwa oonerera okha, pakuti opalasa nawo ali ndi mlandu wawo. M'chaka cha 1991 bungwe loyendetsa masewero a njinga pa dziko lonse la UCI lidafuna kulamula kuti aliyense azivala chisoti pa mpikisano. Opalasa adakana, nachita zionetsero pa mpikisano wa Paris–Nice, ponena kuti zisotizo n'zolemera ndiponso zimatentha, ndipo akuluakulu a bungwelo adabwerera m'mbuyo. Patapita zaka zinayi, pa 18 Julaye 1995, Fabio Casartelli wa ku Italy, amene adapambana mendulo ya golide pa masewero a Olympic ku Barcelona m'chaka cha 1992, adagwa potsika phiri la Portet d'Aspet alibe chisoti. Adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 24, nasiya mkazi ndi mwana wakhanda. M'mawa mwake anzake onse adapalasa pang'onopang'ono osapikisana, pomulira. Koma lamulo silidasinthe.

Padatenga maliro ena kuti mitima ifewe. M'mwezi wa Malichi 2003, pa mpikisano womwe uja wa Paris–Nice pomwe adakanira zisoti, Andrei Kivilev wa ku Kazakhstan adagwa namenyetsa mutu pansi, ndipo adamwalira m'mawa mwake ali ndi zaka 29. Pasadathe miyezi iwiri, m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, UCI idalamula kuti chisoti chivalidwe, ndipo ulendo uno lamulolo lidakhazikika. Tiyeni tiwerenge bwino: kuchokera 1991 kufika 2003 ndi zaka 12. Nzeru idalipo kuyambira pachiyambi, koma idasowa atsogoleri olimba mtima oti aiteteze pamene anthu ankaikana. Lero wopalasa wa ku Ulaya sangaganize n'komwe zoyamba mpikisano mutu uli pamtunda, ndipo madandaulo aja a kutentha palibe amene amawakumbukira. Apa pali phunziro kwa aliyense amene ali pa udindo, lakuti lamulo labwino limadedwa poyamba, koma wolichotsa poopa kudedwa amadzayankha mafunso kumanda.

Wina anganene kuti chisoti sichipulumutsa aliyense, ndipo akunena zoona. Wouter Weylandt wa ku Belgium adamwalira pa 9 Meyi 2011 potsika phiri la Passo del Bocco pa mpikisano wa Giro d'Italia, lamulo la zisoti litagwira kale ntchito zaka zisanu ndi zitatu. Gino Mäder adamwalira pa 16 Juni 2023 atagwera kuphompho potsika phiri la Albula pa mpikisano wa kwawo ku Switzerland. Onsewa adali ndi zaka 26. Potsika phiri opalasa amatha kupyola liwiro la makilomita 90 pa ola, atavala kansalu kopyapyala, pa matayala opyapyala ngati chala chachikulu. Pa liwiro lotere chisoti chimachepetsa kuvulala koma sichingathetse ngozi yonse. Tanthauzo lake n'lakuti mbali yotsalayo ili m'manja mwa okonza mpikisano, amene amasankha msewu, kuika mipanda ndi kukonza za chithandizo.

Zitsanzo ziwiri zikutionetsa kulemera kwa udindo umenewu. Pa 5 Ogasiti 2020 ku Katowice m'dziko la Poland, mapeto a mpikisano adaikidwa pa msewu wotsetsereka, pomwe liwiro limakwera kwambiri. Dylan Groenewegen adapanikiza Fabio Jakobsen kumpanda, mpandawo udaphwasuka m'malo momugwira, ndipo Jakobsen adatsala pang'ono kutaya moyo. Groenewegen adaletsedwa kupikisana kwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo chilangocho chidali choyenera, koma amene adasankha mtsetse umenewo ndi kumanga mpanda wosalimba sadali iyeyo. Chachiwiri n'chomvetsa chisoni koposa. M'mwezi wa Seputembala 2024, pa mpikisano wa dziko lonse ku Zürich, mtsikana wa zaka 18, Muriel Furrer, adagwera m'nkhalango kukugwa mvula, ndipo adakhala pamenepo nthawi yoposa ola limodzi popanda womuona, njinga ndi magalimoto zikudutsa pafupi. Adamwalira tsiku lotsatira. N'chifukwa chake pa mpikisano wa dziko lonse wa 2025 opalasa adapatsidwa tizipangizo tosonyeza pamene munthu ali nthawi iliyonse. Apanso nzeru idabwera maliro atachitika kale.

Aliponso amene amati kukoma kwa masewerowa kuli pa kuopsa kwake ndiponso pa kuyandikana kwa opalasa ndi anthu, kotero kuti malamulo ochuluka angawasukulutse. Maganizo amenewa sitingawataye onse. N'zosatheka kumanga mpanda wa makilomita 3,000, ndipo kukanakhala kulakwa kuthamangitsa mabanja amene sangathe kugula tikiti ya ku bwalo la masewero. Koma ngati mpanda sungamangidwe paliponse, ndiye kuti mwambo wa munthu aliyense uyenera kugwira ntchito ya mpandawo. Woonerera aime kunja kwa msewu, maso akhale kumene kukuchokera njinga, mwana amugwire padzanja, galu akhale pachingwe. Zimenezi sizichotsa chisangalalo cha munthu, ndiponso sizifuna ndalama.

Mwina owerenga ena akufunsa kuti nanga ife za ku Ulaya zikutikhudza bwanji. Yankho n'lakuti masewerowa afika pakhomo pathu. M'chaka cha 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea adavala malaya a katswiri wokwera mapiri pa Tour de France, akupalasira timu ya ku South Africa. M'chaka cha 2024 Biniam Girmay, wa ku Eritrea komweko, adapambana magawo atatu a mpikisanowu natenganso malaya obiriwira. M'mwezi wa Seputembala 2025 mzinda wa Kigali ku Rwanda udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu, koyamba pa nthaka ya Africa. Ana athu akuziona zimenezi, ndipo m'dziko limene njinga imanyamula chimanga, makala, odwala ndi apaulendo tsiku ndi tsiku, anyamata ndi atsikana amphamvu m'miyendo sasowa. Mipikisano idzachuluka, ndipo chilolezo chake chidzapemphedwa kwa inu amene muli m'maofesi a makhonsolo, kupolisi, m'masukulu ndi m'zipatala.

Tsono pempho lotere likafika pa tebulo lanu, musathamangire kudinda. Funsani ngati okonza ayendera msewu wonse dzulo lake ndi kuika zizindikiro pa maenje, pa milatho yopapatiza ndi pamene pali mchenga. Funsani ngati magalimoto adzaimitsidwa, ndi kuti ndani adzaima pokhota paliponse ndi pa misika imene msewuwo ukudutsa. Funsani ngati pali galimoto yokhala ndi wachipatala yotsatira pambuyo pa wopalasa womaliza, ndiponso ngati chipatala chapafupi chadziwitsidwa. Onetsetsani kuti opalasa akuwerengedwa pa malo angapo m'njira, kuti wina akasowa zidziwike msanga, pakuti ntchito imeneyi ifuna kope ndi pensulo basi. Mapeto a mpikisano asaikidwe pamtsetse. Mafumu ndi aphunzitsi a m'midzi ya m'mbali mwa msewu auzidwe nthawi ikadalipo kuti mbuzi zimangidwe ndipo ana asadumphe msewu. Koposa zonse, wopanda chisoti asapatsidwe nambala, ngakhale atakhala katswiri wa boma lonse kapena mwana wa munthu wodziwika. Mudzanenedwa kuti ndinu ovuta, monga adanenedwera akuluakulu aja a 1991, koma inu musabwerere m'mbuyo monga adachitira iwo.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anzathu a ku Ulaya adaphunzira malamulo amenewa pa mitembo ya ana awo, ndipo ife tapatsidwa mwayi wowalandira popanda kulipira mtengo umenewo. Kwa abambo aja a pakhonde la golosale ndikuti: pitirizani kupalasa, pitirizani kucheza, pakuti masewero anu ndi abwino ku thupi ndi ku mtima. Koma mayi aja amene adakana kuti njinga ikwere nawo pa ulendo wa kunyanja musawaseke, chifukwa ndi iwo amene adzakhale pa benchi ya kuchipatala usiku wonse, ndipo ndi iwo amene adzafotokozere ana zinthu zikavuta. Gulani zisoti zinayi zotsalazo tchuthi chisanafike, muzivale ndi kumanga lamba wake pachibwano nthawi zonse pamene mwakwera njinga.