ZA M'BANJA LATHU: Cotupa ca m'phazi si nyanga

Poyendera odwala m'mphakati wina tinapeza mnyamata wa zaka 15 ali pamphasa, cidendene cake cotupa ndi codzaza mphini. Makolo anati mwanayo anaponda mankhwala pamphambano. Anatha miyezi 8 kwa sing'anga, ndipo pamene anafika ku cipatala, madotolo sanacitire mwina koma kudula phazilo.

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26, ndipo nthawi zina cotupa cimamera m'kati mwa fupa lenilenilo. Matendawa saonekaoneka, n'cifukwa cake ambiri amawayesa kubinya, cithupsa kapena ufiti. Zambiri mwa zotupazi si khansa ai. Dotolo amapala cotupaco, nadzaza bowolo ndi kafupa kotengedwa m'ciuno mwa wodwala yemweyo, ndipo munthu amayendanso. Koma zina, monga Ewing sarcoma imene imagwira makamaka ana ndi acinyamata, ndi khansa yothamangira ku mapapo.

Tsono ticenjere tikaona kutupa kolimba kosaphwa kwa milungu ingapo, ululu wolanda tulo usiku, kapena fupa lothyoka popanda ngozi yeniyeni. Ku cipatala amayamba ndi X-ray, kenaka MRI ngati kufunika, nadula kacidutswa ka cotupaco kukapima. Kupimako ndiko kumaonetsa ngati ndi khansa. Maso a agogo sangathe. Zikavuta, zipatala monga St Francis ku Katete zimatumiza wodwala ku Lusaka, kumene kuli UTH ndi Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007.

Tidziwa cimene cimamanga makolo: aopa kuti mwana akamdula mwendo. Komatu kucedwa ndiko kumanola mpeni wa dotolo. Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba.

Tikumbukire Peregrine Woyera wa ku Forlì, m'dziko la Italy, amene anamwalira mu 1345, nkhoswe ya odwala khansa. Mbiri yake inena kuti anacira atapemphera pa mtanda usiku, m'mawa mwake ati amdule mwendo. Taonani kuti mwendowo anali atauonetsa kale kwa dotolo. Pemphero ndi cipatala sizilimbana.

Ngati pa mphakati wanu pali mwana wotsimphina, musangomuyimbira nyimbo. Sonkhani ndalama ya basi, mumperekeze sabata lino. Ambuye akudalitseni.