Mbale ya wonton ndi chiwaya cha pa Mitundu

 Lero ndayamba ndayika pambali za mayeso a MSCE ndi za malipiro, ndikufuna tikambe za chakudya. Musaseke ayi. Ganizo langa ndi lakuti aliyense wa ife amene wapeza mpata, kaya ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku China kwenikweniko, akalowe m'kalesitilanti wamba ka zakudya za ku Canton, akadye mbale imodzi ya ma noodles akuyang'anitsitsa mmene akuchitira, ndipo pobwerera adzaime pa chiwaya cha pa Mitundu kapena pa Nathenje n'kuyerekeza. Pali phunziro pamenepa limene sitilipeza m'mabuku athu.

Kwa amene munagona pa phunziro la Geography, Canton ndi dzina limene azungu ankatchulira mzinda wa Guangzhou, likulu la chigawo cha Guangdong kummwera kwa China. Chiyankhulo ndi kaphikidwe ka kumeneko n'kamenenso mumakapeza ku Hong Kong ndi ku Macau. Mzindawu si wachilendo kwa Amalawi. Kuchokera mu Disembala 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan n'kugwirizana ndi China, amalonda athu ambiri akhala akupita ku Guangzhou kukapikula zovala, nsapato ndi mafoni, ndipo chionetsero cha malonda cha Canton Fair chakhala chikuchitika kumeneko kuyambira 1957. Katundu wa ku Guangzhou wadzaza m'misika mwathu, koma kaphikidwe kawo sitinakafunse n'komwe.

Kuno kwathu munthu akamva za lesitilanti ya Atchaina amaganiza za mabwana a ku Area 10. Koma kwawoko, kanyumba ka ma noodles ndi malo a anthu wamba, onyamula katundu, ana asukulu ndi makalaliki amene ali ndi mphindi zochepa zopumira masana. Matebulo ndi ang'onoang'ono, umakhala moyang'anizana ndi munthu wosamudziwa, ukamaliza kudya umanyamuka kuti wina akhale. Chakudya chotchuka ndi wonton, timaphukusi ta ufa wa tirigu wopyapyala tokulunga nyama ya nkhumba yogaya pamodzi ndi shrimp, ngati samusa wamng'ono koma wophika m'madzi. Timaphukusito amatiika pansi pa mbale, ma noodles pamwamba, kenako msuzi wotentha. Amatero dala kuti ma noodles asanyowe kwambiri n'kufewa asanafike pa tebulo. Mbale yake ndi yaing'ono pa chifukwa chomwecho, kuti uimalize chakudya chisanasinthe. Taonani, munthu wophikira anthu osauka waganizira mpaka za chimene chikhale pansi ndi chimene chikhale pamwamba m'mbale.

Aphunzitsi a Chemistry, tcherani khutu apa. Ma noodles a ku Canton amakhala achikasu ndiponso olimbirako pakamwa chifukwa pokanda ufa amathiramo mazira ndi madzi a alkali. Kale madzi amenewa ankawapeza posefa phulusa la zomera. Kodi zimenezi sizikukukumbutsani kanthu? Ndi chidulo chomwe chija agogo athu amatcheza kuti aphikire therere. Ana athu amaloweza za ma acid ndi ma base n'kulemba pa mayeso, koma akafika kunyumba amachita manyazi ndi chidulo ngati chinthu chachikale. Anzathu anatenga nzeru yomweyo n'kupanga chakudya chimene lero chikugulitsidwa ku London ndi ku New York. Ife tinaisiya ku khitchini ya agogo.

Msuzi wake nawonso uli ndi nkhani. Amauphika kwa maola ambiri ndi nsomba youma ya m'nyanja yamchere, makoko a shrimp ndi mafupa a nkhumba, zinthu zimene wina akanataya. Pa msika wa Mitundu usipa, bonya ndi matemba sizisowa. Timadula mitu ya usipa n'kuponyera nkhuku, mafupa a mbuzi timasiyira agalu a pa butchala, kenako m'malesitilanti mwathu timapatsa anthu msuzi wa madzi, tomato mmodzi ndi mafuta oyandama pamwamba. Zipangizo tili nazo, chimene chikusowa ndi kuleza mtima ndi kulemekeza munthu amene adye.

Ndiye pali za ukhondo. Ku Guangdong ndi ku Hong Kong, ukangokhala pansi amakubweretsera tiyi kapena madzi otentha, ndipo ambiri amayamba atsukira kapu, supuni ndi timitengo todyera tija asanadye. Chakudya chenichenicho chimachoka m'madzi owira n'kulunjika pa tebulo. Tsopano kumbukirani za kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Papita nthawi yochepa chabe, koma m'malo ambiri odyera a m'matauni athu ang'onoang'ono mbale zikutsukidwabe m'beseni limodzi la madzi ozizira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kabichi wa pa tchipisi akuwazidwabe ndi dzanja lomwe lalandira ndalama, ndipo mafuta a m'chiwaya amada bii asanasinthidwe. Moto uli pomwepo tsiku lonse. Kuika mphika wa madzi owira pambali pake sikufuna ngongole ya ku banki.

Ndikudziwa zimene ena munene. Mphunzitsi wa ku CDSS angaipeze kuti ndalama yokadyera kwa Atchaina pamene malipiro amatha mwezi usanafike pakati? Komanso tirigu timalima wochepa kwambiri, cha ku Tsangano ndi ku Neno, wambiri amachokera kunja, ndiye ufa wake ndi wodula. Ena ndinu Asilamu kapena a Seventh Day, nkhumba simudya. Zonsezi ndi zoona. Koma sindikunena kuti tisiye nsima tiyambe wonton. Mbale imodzi pa chaka ikukwanira kuti munthu aone. Ndipo anthu a ku Canton omwewo amapanganso ma noodles a ufa wa mpunga, amaphikanso phala la mpunga lothira nsomba kapena nkhuku limene amadya m'mawa. Mpunga wa Kilombero ndi wa Faya ndi wathu womwe. Nkhuku ya lokolo ingalowe m'malo mwa nkhumba popanda vuto lililonse. Tikatengeko kachitidwe kawo, kophika zinthu zochepa koma mosamala, tsiku ndi tsiku mofanana, kuti wogula adziwe chimene akapeze asanafike n'komwe.

Pali chinanso chimene chimandivutitsa maganizo monga mphunzitsi. M'kalasi ukangotchula China, ana amafuula kuti amadya agalu ndi njoka, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ana omwewo akaweruka amakagula mbewa zopanika pa msewu wa M1, ndipo nyengo ya mvula amakazinga ngumbi. Mlendo atationa tikutafuna mbewa ndi ubweya womwe akanena zotani? Kunyoza chakudya cha munthu ndi chiyambi cha kunyoza munthuyo. Ife tikudziwa kuwawa kwake. Mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, anthu ambiri a ku Africa anathamangitsidwa m'nyumba ndi m'mahotela ku Guangzhou, ndipo lesitilanti ina ya McDonald's kumeneko inaika chikwangwani choletsa anthu akuda, kampaniyo mpaka inapepesa. Mu 2022 BBC inaulula za mzika ya China imene inkajambula ana a ku Njewa, konkuno ku Lilongwe, akunena mawu odzinyoza okha m'chiyankhulo chimene sankachimva. Tinakwiya, ndipo tinayenera kukwiya. Koma mkwiyo umenewo umakhala ndi mphamvu ngati ifenso tikuphunzitsa ana athu kuti tsankho ndi loipa ngakhale likuchokera kwa ife. Mwana amene walawa chakudya cha mtundu wina, n'kufunsa mmene achiphikira, savutika kuona kuti wophikayo ndi munthu ngati amayi ake.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi anzanga a Agriculture, Home Economics ndi Business Studies ndi ili. Soya amene alimi a kuno amagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira ndi yemweyo amene anzathu amasakaniza ndi tirigu, mchere ndi madzi, n'kumusiya miyezi ingapo kuti asase, n'kukhala soy sauce wa m'botolo amene timamuona m'mashopu a m'tauni. Bunda ili pafupi ndi Mitundu pomwepa, ndipo kumeneko amaphunzitsa sayansi ya zakudya. Bwanji osapempha kuti ana a Fomu 3 akaone? Bwanji osawatuma kuti akayendere malo odyera atatu pa msika, alembe zimene aona pa madzi, mafuta ndi msuzi, kenako aphike okha mbale imodzi ya zinthu za pamsika pomwepo n'kuwerengera phindu lake? Ambiri mwa ana athu sadzapita ku yunivesite, tonse tikudziwa. Ena adzakhala pa chiwaya, ndipo palibe chamanyazi pamenepo ngati ntchitoyo akuidziwa bwino.

Kwa inu ana anga akale amene muli kale pa geni ya zakudya pa Nathenje ndi pa Mitundu, musachite kudikira kuti mudzakhale ndi lesitilanti ya magalasi. Sankhani chakudya chimodzi kapena ziwiri, muziphike bwino kuposa wina aliyense pa msikapo, madzi otsukira mbale akhale otentha, ndipo msuzi ukhale woti munthu akaulawa afunse dzina lanu. Madalaivala a minibasi ndi a kabaza adzakulengezerani okha. Inu amene mumapita ku Guangzhou kukaoda katundu, ulendo uno musangodya mkate wa m'chikwama ndi tchipisi. Lowani m'kanyumba ka ma noodles, wina akakuthirirani tiyi mugogode tebulo ndi zala ziwiri monga amathokozera kumeneko, ndipo mukabwera mudzatiuze zimene mwaona.